Dzina la Kabokosi ka Malume

Tinakapeza pansi pa bedi ku Mufakose
titangochoka kumanda ku Mbudzi,
katakulungidwa m'jekete ya khaki
imene malume a Dzimbiri ankavala pophikira azungu ku Avondale.
Kukula ngati theka la buledi,
kulemera ngati njerwa yogona pamvula.
Lamba wake wachikopa ming'alu yokhayokha, chidendene cha m'chilimwe.
Pamwamba timawilo tiwiri ta tepi,
m'mbali chopukusira, ngati cha makina operera nyama.

Dzina palibe.
Pamene panali dzina patsala tizibowo tinayi
ndi chilembo chimodzi, R woyang'ana kumene wachokera.

Mlongo wanga Nasiyani akuti ndi wailesi.
Wailesi yanji yopanda mlongoti?
Mwana wake anakajambula, nafunsa foni,
foni inayankha mosaphethira kuti ndi makina osokera.

Loweruka ndinakanyamula pamiyendo m'kombi mpaka ku Mbare.
Ku Magaba, kumene nyundo sizidziwa Sabata,
mnyamata wogulitsa machaja anati madola awiri, mdala,
ine ndikungofuna mkuwa wa m'kati.
Ndinakafungatira ngati khanda, ndinapitirira.
Mayi wokazinga chimanga ndiye anandilozera ndi chibwano
kwa Gwatidzo, kuseri kwa mulu wa matayala.

Gwatidzo sanafunse kuti ndikugulitsa zingati.
Anayamba wakanunkhiza.
Kenaka nsonga ya mpeni, masikuluu anayi m'chivundikiro cha botolo,
mimba ya kabokosi pamtunda.
Taonani, akutero, batire ndi ya mawu okha,
choyendetsa tepi ndi sipuling'i, ngati wotchi ya pakhoma.
Mukapukusa kakupatsani mphindi zinayi,
zikatha mupukusenso.
Zaka makumi anayi ndikung'amba makina, aka sindinakaonepo.
Mwina ka atolankhani.
Mwina kanabwera m'chikwama cha anyamata a kutchire nthawi ya nkhondo.
Mwina bwana wina ankatchera nako kulira kwa mbalame,
atatopa nako n'kupatsa kuki wake m'malo mwa malipiro.
Nambala iyi, 0417, anakhoma ndi dzanja,
onani seveni wapendekeka.

Labala wa m'kati anali atasungunuka ngati phula.
Anadula chubu cha njinga, kachingwe kopyapyala,
nakoleka, napukusa kakhumi ndi kawiri.

Poyamba mvula pamalata.
Kenaka chifuwa, khosooo, chimene ndikuchidziwa.
Kenaka mnyamata amene sindinakumane naye:

Moni amayi, ndine Dzimbiri, kuno ku Halale.
Musaope, m'bokosimu mulibe munthu.
Ndili bwino. Bulangete ndagula, lofiira.
Ndibwera mvula ikakata.
Mbuzi yamawanga ija musagulitse, ndi ya...

Sipuling'i inatha mphamvu.
Mawu ananenepa, nazama, nakalamba pamaso pathu,
mnyamata uja n'kukhala nkhalamba imene tinaika Lachitatu,
kenaka zii.

Ku Ntcheu kwawoko, chaka chimenecho,
ndani anali ndi kabokosi kena koti amayi amverepo?
Tepi inatsala, bulangete lofiira tinalipeza pabedi,
mvula inakata kokwana makumi asanu ndi kasanu.

Akuti chiyani? anafunsa Gwatidzo.
Ine wobadwira pa Gomo, Chichewa changa chazigamba,
ndinangoti akunena za mbuzi.
Nyundo zinapitiriza. Wina ankawotcherera wilibala.

Pukusaninso, mumve kuti mbuziyo ndi ya yani.
Ndinati ayi, lero ayi,
Nasiyani akhalepo.

Anatsegula kope lake la mafuta,
mmene amalemba makina onse odutsa m'manja mwake
pamodzi ndi ngongole za anthu.
Tsiku analemba. Nambala analemba.
Pa mzere wa mtundu wa makina cholembera chinaima,
anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.
Mwati mwini wake anali ndani?

Analemba Dzimbiri.
Sindinamuuze tanthauzo lake kwathu,
ngakhale linali mbuu pa zala zake zonse.